Mitengo yoyenera kubzala m'dimba la lowe

Chaka chilichonse mwezi wa Febuluwale ukamatha ndimayendera madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Bua ndi Rusa kuno ku Mchinji, ndipo chimene chimandipweteka mtima ndi kuona mbande za mapeyala ndi mapapaya, zimene alimi anagula ndi ndalama zawo, zitafota zili chiimire m'madzi. Mlimi amadabwa kuti mtengo ungafote bwanji madzi ali ponseponse. Mukaizula mbandeyo mupeza mizu yake itada, itafewa ngati chinangwa choviika, ndiponso ikununkha. Mizu imapuma mpweya wa m'timipata ta dothi, ndipo madzi akadzaza timipatato kwa masiku angapo mizuyo imawola, mtengo n'kulephera kumwa madzi omwe auzungulirawo.

Choncho musanagule mbande, yambani mwawadziwa malo anu. Kumbani dzenje lakuya masentimita 60 ndipo muone dothi limene likutuluka. Ngati pansi pa makande akudawo mwapeza dothi lotuwa lokhala ndi timadontho tofiira ngati dzimbiri, dziwani kuti madzi amakhalitsa pamenepo, ngakhale mutakumba mu Okutobala pamwamba pali gwa. Thiranimo madzi mpaka pakamwa, ndipo mukawapeza akadalimo mawa lake, malowo ndi a lowe.

Pa malo otere, mitengo yodalirika ndi imene imamera yokha m'mbali mwa mitsinje yathu. Katope ndiye woyamba, chifukwa amapirira madzi okhalitsa, amapereka zipatso zimene ana amadya, ndipo maluwa ake amaitana njuchi. Mwimbi nawo umakonda chinyontho ndipo umakula msanga. Kanjedza ndi chiwale zimakondwa pamene pali zii chaka chonse, ndipo zimatipatsa zolukira ndi zopangira mipando. Mbawa ndi mkuyu zibzalidwe chakumtunda pang'ono, pamene madzi amafika n'kuphwa, komanso m'malire mwa dimba, poti zikakula mthunzi wake umaphimba ndiwo zamasamba. Msangu ndimaulimbikitsa kwambiri chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero sutchinga dzuwa pa chimanga ndipo masambawo amasanduka manyowa.

Mwa zitsamba, jelejele amapirira lowe kuposa nandolo ndi gilisidiya, amabwezeretsa chonde m'nthaka, ndipo masamba ake ndi chakudya chabwino cha mbuzi. Komabe ali ndi vuto limodzi limene alimi a fodya asaliiwale: mizu yake imasunga tinyongolotsi totupitsa mizu, choncho asabzalidwe pafupi ndi nazale ya fodya kapena pamene mudzaike tomato. M'mphepete mwa ngalande bzalani udzu wa vetiva kuti dothi lisagumuke.

Pa zipatso, magwafa ndiwo amapirirako madzi a masiku ochepa. Nthochi zimakonda chinyontho koma sizifuna madzi oima pa tsinde. Mapeyala, mapapaya, malalanje ndi mandimu apititseni kumtunda, kapena pa chulu ngati chilipo m'dimbamo.

Alimi ambiri amandifunsa za bulugamu, poti amakula msanga ndipo milimo ya zigafa imafuna mitengo. Zoonadi mitundu ina ya bulugamu imamera pa lowe, koma imamwa madzi ochuluka chaka chonse, ndipo chitsime chimene mumadalira kuthirira mu Seputembala chikhoza kuphwa msanga. Ine sindivomereza kumubzala m'dimba kapena pafupi ndi kasupe.

Kabzalidwe nakonso n'kosiyana ndi kamene tinazolowera. Kumtunda timati kumbani dzenje lalikulu n'kuthiramo manyowa, koma m'makande dzenje lotero limasanduka mtsuko: madzi amvula amadzazamo, manyowa amawolerana ndi mizu, mbande n'kufa. Pa lowe unjikani mulu wa dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino, wotalika masentimita 30 mpaka 50 ndi wotambalala mita imodzi, ndipo mbande muibzale pamwamba pake osakwirira tsinde kupitirira pamene linalekezera m'chubu. Phimbirani muluwo ndi udzu kuti mvula isaukokolole, koma udzuwo usakhudze tsinde poopa chiswe, ndipo mulambule kangalande kotulutsira madzi kumunsi.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo kumtunda timafulumira ndi mvula yoyamba. M'dambo musathamangire. Dikirani mpaka mu Malichi madzi atayamba kuphwa, chifukwa chinyontho chimene chimatsala m'dothi chimakwanira kuti mbande igwire, ndipo ikamadzakumana ndi lowe la dzinja lotsatira idzakhala itazika mizu kwa miyezi isanu ndi inayi. M'miyezi imeneyo itchingireni ndi minga, poti ng'ombe ndi mbuzi zimatsikira kudambo msipu ukatha kumtunda, ndipo mulambule udzu wozungulira moto wolusa usanayambe.