Momwe mungapewere mlandu wa mitengo ya cycad yobedwa pa ntchito ya m'munda

Amalawi ambiri mu Johannesburg muno amapeza zofunika pa moyo posamalira minda ya maluwa m'nyumba za ku Randburg, Sandton ndi Roodepoort, ndipo ena amathirira kamtengo kooneka ngati kanjedza wamfupi osadziwa kuti kangathe kuwagonetsa m'chitolokosi. Mtengowu ndi cycad, umene olankhula Afrikaans amautchula kuti broodboom. Umakula pang'onopang'ono kwambiri moti wofika m'chiuno umakhala wa zaka makumi angapo, ndipo ofuna waukulu msanga amagula wobedwa. M'chaka cha 2014 akuba anazula mitengo 24 m'munda wa boma wa Kirstenbosch ku Cape Town, yambiri ya mtundu wa Encephalartos latifrons umene watsala wochepa zedi kutchire. Mtengo wotere ukafika pabwalo la munthu wolemera, wokumba dzenje amakhala wantchito, ndiye ndi bwino adziwe chochita.

Choyamba, udziweni mtengowo ndi maso anu. Patsiku lopuma pitani ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, munda umene bungwe la boma loona za zomera ndi nyama la SANBI limayang'anira, mukaone chigawo cha ma cycad pamene mtengo uliwonse uli ndi chikwangwani cha dzina lake. Masamba ake ndi olimba ngati chikopa, ambiri ali ndi minga m'mbali, ndipo pakati pamatuluka chibalobalo chofanana ndi chinanazi chachikulu. Anzathu a ku Mulanje sadzavutika, pakuti m'bale wake wa mitengoyi, Encephalartos gratus, amamera m'mphepete mwa phiri lakwawo. Musausokoneze ndi Cycas revoluta, wochokera ku Japan, amene amagulitsidwa m'manazale ambiri. Imene lamulo limaiteteza mwamphamvu ndi ya gulu la Encephalartos.

Chachiwiri, mtengo ukabwera kuti muudzale, uyang'anitsitseni musanagwire khasu. Wa ku nazale umafika mumphika kapena m'thumba la dothi, masamba ali onse, pamodzi ndi risiti. Wobedwa nthawi zambiri umafika uli mbulanda, masamba onse atadulidwa kuti ukwane m'galimoto, mizu itatemedwatemedwa ndi chikwanje, thunthu litakulungidwa m'chiguduli. Thunthulo likakhala ndi zipsera zakuda za moto wolusa, ganizirani kuti unakulira kuthengo, chifukwa pabwalo la nyumba sipadutsa lupsa. Nthawi yofika nayonso imanena zambiri, popeza wamalonda oona sabweretsa katundu pakati pa usiku. Dziwaninso kuti mitengo ina ya m'minda ya boma inaikidwa kachipangizo kosunga nambala yozindikirira, kotchedwa microchip, m'kati mwa thunthu, choncho ingathe kuzindikirika ngakhale patapita zaka.

Chachitatu, funsani chilolezo, ndipo apa ndi pamene ambiri timachita manyazi poopa kutaya ntchito. Lamulo la dziko lino loteteza zachilengedwe la 2004, lotchedwa NEMBA, limaletsa kusunga, kunyamula, kugula kapena kugulitsa mitengoyi popanda chilolezo cha boma, ndipo chilango chingafike pa R10 miliyoni kapena zaka khumi m'ndende. Kwa mlendo, mlandu wotere umaononganso mapepala ake okhalira kuno. Kufunsa sikulakwa mukafunsa mwaulemu: "Bwana, ndisanakumbe ndikupempha ndione pepala la mtengowu, chifukwa apolisi akabwera ayambira pa ine amene ndagwira fosholo." Bwana amene anagula mwachilungamo alitulutsa osakwiya. Akalitulutsa, lijambuleni pa foni, mujambulenso mtengowo tsiku lomwelo. Akayamba kuzungulira, nenani kuti mugwira ntchito zina koma imeneyo ayi.

Chachinayi, kanani ganyu yokweza kapena kutsitsa mitengo usiku, ngakhale ndalama yake ikhale yoposa malipiro a sabata. Musavomerenso kunyamula kambewu kapena njere zake pa basi yopita kumudzi, chifukwa Encephalartos yense ali pa mndandanda woyamba wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha, ndipo ku Beitbridge amafuna zikalata zake. Ngakhale kutola njere yogwa pansi m'munda wa boma n'koletsedwa.

Mukaona munthu akukumba, akudula masamba kapena akuponya thumba kuseri kwa mpanda wa munda ngati wa Walter Sisulu kapena wa ku Emmarentia, musalimbane naye nokha. Sungani m'mutu nambala ya galimoto, mtundu wake, nthawi ndi malo, kenako dziwitsani alonda a pachipata. Mukhozanso kuimbira apolisi pa 10111, kapena nambala yaulere ya milandu ya zachilengedwe, 0800 205 005, kuti nkhaniyo ifike kwa ofufuza amene anthu amawatchula kuti Green Scorpions.