Musakwere basi UI-19 isanafike m'manja mwanu

Mphesa zatha ku De Doorns ndi m'chigwa chonse cha Hex River, kuno ku South Africa. Nyumba zopakiramo zipatso zatsekedwa, ndipo anthu ayamba kukhamukira ku ofesi ya leba ku Worcester kukafunsa ndalama za UIF, thumba la boma limene limathandiza anthu amene ntchito yawathera. Mwa amene akubwezedwa pawindo chimanjamanja muli abale athu ochokera ku Malawi, ndipo chowabweza ndi chimodzimodzi chaka ndi chaka: tsiku lomaliza adalandira malipiro, n'kunyamula chikwama, fomu ya UI-19 osatenga. Ena adaitenga ndithu, koma adangoipinda n'kuiponya m'thumba osaiwerenga. Adzamva kwa kalaliki wa ku leba kuti papepalapo palembedwa zoti adasiya okha ntchito.

UI-19 ndi pepala limodzi lokha, ndipo amalemba ndi olemba ntchito, osati inu. Pamwamba pamakhala dzina la kampani kapena la famu ndi nambala yake ya UIF. M'munsimo muli timabokosi: dzina lanu, nambala ya pasipoti, malipiro a pamwezi asanadulepo kanthu, maola amene mudagwira, tsiku loyamba ntchito, tsiku lomaliza, ndi kabokosi kakang'ono kolembamo nambala ya chifukwa chimene ntchito yathera. Kabokosi kameneka ndi kamene kakuliza anthu. Nambala 5 ndiye kuti kontrakiti yatha, ndipo ndi imene wothyola mphesa kapena malalanje ayenera kuiona pamenepo. Nambala 4 ndi kuchotsedwa ntchito, 11 ndi kuchepetsa antchito, 14 ndi kutsekedwa kwa bizinesi, 15 ndi imfa ya bwana wa wantchito wa m'nyumba. Ndi zonsezi ndalama zimatuluka. Koma pakalembedwa 6, ndiye kuti mudasiya nokha. Pakalembedwa 13, mudathawa ntchito. Ndi manambala awiriwa UIF siipereka ngakhale senti, kaya mudadulidwa mwezi ndi mwezi kwa zaka zingati.

Tiyeni tiwerenge chimene chikutayika, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi timakobiri ta pa payslip tija basi. Pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ku South Africa adafika pa R28.79 pa ola, pa famu pomwe. Pa mlingo umenewo, munthu wogwira maola 45 pa sabata amapeza pafupifupi R5,600 pa mwezi. Pamenepo amamudula 1 peresenti, R56, bwananso amaikapo R56 yake. Masiku anayi alionse amene muli pa ntchito amakusungirani tsiku limodzi lodzalandira, mpaka masiku 365 pa zaka zinayi. Wogwira miyezi inayi ya zokolola wasunga masiku pafupifupi 30. Pa malipiro amenewa UIF imabweza pafupifupi 46 peresenti, kutanthauza R85 patsiku, ndipo masiku 30 ndi ndalama zoposa R2,500. Amene wabwerera pa famu nyengo zinayi zotsatizana osakatengapo ali ndi masiku 120, ndalama zoposa R10,000. Imeneyo ndi lendi ya miyezi ingapo ya dzinja, nthawi imene kumunda kulibe ganyu kupatula kudulira mitengo ya mphesa. Komanso masiku osungawo sadikira mpaka kalekale. Amawerenga zaka zinayi zapitazi zokha, ndiye amene apyola pamenepo amafufutika okha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chifukwa chake si umbuli. Aliyense pa famu amaidziwa UI-19. Vuto ndi khalidwe lathu lakale lomuona bwana ngati mfumu yosafunsidwa kanthu. “Bwanayo ndi wabwino, ndidzatenga ndikabwera.” “Ndikavuta pano sadzandiitana chaka chamawa.” “Kapitawo wanena kuti adzatitumizira pa WhatsApp.” Mawu amenewa amamveka tsiku lililonse lolandira malipiro omaliza, ndipo amene amawanena ndi omwewo amene mu Juni amakhala akubwereka ndalama ya thiransipoti. Mbewa ya manyazi idafera kudzenje. Kupempha UI-19 si kumudandaulira bwana kuti akuchitireni chifundo. Lamulo la UIF la 2001 limamukakamiza kudziwitsa thumbali za aliyense amene wasiya ntchito pasanafike pa 7 mwezi wotsatira. Lamulo la ntchito la 1997 limatinso wantchito aliyense apatsidwe kalata yosonyeza kuti adagwira pamenepo kuyambira liti mpaka liti. Bwana wolongosoka zimenezi amazidziwa, ndipo kalaliki wake amatulutsa pepalalo pa kompyuta m'mphindi zochepa. Amene amakwiya mukalifunsa, kawirikawiri ndi amene ali ndi chobisa.

Pali mlimi wina wa ku Ntcheu amene amalima chimanga ndi kachewere kwawo, ndipo mvula ikayamba amasiyira munda mayi a kunyumba n'kubwera kudzathyola mphesa. Kontrakiti yake inkatha Lachisanu. Lolemba adalandira foni yoti akuba ayamba kuthyola chimanga m'munda, ndipo Lachiwiri adatsanzika kapitawo pakamwa n'kukwera basi ya ku Johannesburg kuti akapeze ya ku Malawi. Kapitawo adati palibe vuto, pitani bwino. Koma kapitawo salemba UI-19. Ku ofesi adangoona kuti munthu sadabwere Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, n'kulemba 13. Bamboyu atabwerera patatha miyezi itatu adapita ku leba ali ndi chikhulupiriro chonse, n'kuuzidwa kuti adathawa ntchito. Adabwerera ku famu n'kupeza kapitawo uja adasamukira ku malalanje ku Citrusdal, ndipo panalibe wina womuchitira umboni. Masiku atatu okha. Akadadikira kufika Lachisanu, kapena akadalowa mu ofesi n'kupempha tchuthi cha masiku atatuwo cholembedwa papepala, nambala ikadakhala 5. Ndipo tisamunamizire bwanayo: pa zimene ofesi idaona, sidalakwe kulemba momwemo.

N'chifukwa chake ndikunena kuti pepalali liwerengedwe muli chiimire mu ofesimo, wolembayo ali pamaso panu. Cholakwa chimene chimakonzeka m'mphindi ziwiri tsiku limenelo chimatenga miyezi mukachoka. Akalaliki ambiri a pa famu nawonso ndi a nyengo, zokolola zikatha amapita. Mafamu ena malipiro amawakonzera ndi kampani ya akauntanti ya m'tauni ina, ndiye mukabwera mochedwa amakuuzani kuti tidikire atiyankhe. Choipitsitsa n'chakuti ambiri sadziwa n'komwe amene adawalemba ntchito. Ngati mudabwera ndi kontrakitala, uja amakutengani pa lole m'mamawa, olemba ntchito anu ndi iyeyo, osati mwini famu. Mwini famu adzakuuzani zoona kuti simuli m'mabuku ake. Kontrakitalayo nyengo ikatha amasintha nambala ya foni n'kupita kwina. Dzina limene lili pamwamba pa payslip yanu ndi limene liyenera kukhala pa UI-19, ndipo munthu ameneyo mum'gwire adakali pafupi.

Poiwerenga, mukachoka pa kabokosi ka nambala, pitani pa nambala ya pasipoti. Apa abale athu akugwa kwambiri. Mnzathu wa kuno ali ndi nambala ya ID imodzi moyo wake wonse, koma ife pasipoti ikatha, yatsopano imabwera ndi nambala ina. Famu imapitiriza kukulembani ndi nambala yakale imene idalowa mu kompyuta chaka choyamba, inu n'kupita ku leba ndi pasipoti yatsopano, kalaliki n'kupeza kuti munthu ameneyu sadagwirepo ntchito. Pasipoti yakale musataye, musasiye kumudzi. Pitani nazo zonse ziwiri, ndipo uzani ofesi ya famu isinthe nambala musanachoke. Dzinanso lifanane chilembo ndi chilembo. Ngati pa pasipoti pali dzina la bambo anu koma pa famu amakudziwani ndi dzina lina, kapena buku la ku banki lili ndi kalembedwe kena, ndalama zimaima. Za kugwira ntchito ndi mapepala a m'bale wanu sindichedwapo: zonse zimene mukudulidwa zikupita pa dzina la iyeyo.

Kabokosi kena kofunsa ngati munthuyo amasonkha ku UIF kazikhala ndi YES. Akalaliki ena okalamba pa ntchito amalembabe NO akaona pasipoti yakunja, chifukwa kale obwera pa kontrakiti yoti akamaliza abwerere kwawo sankasonkha. Zimenezo zidasintha mu 2018. Ngati payslip ikuonetsa kuti adakudulani, NO alibe malo pamenepo.

Tsono za malipiro enieniwo. Wothyola zipatso salandira ndalama yofanana mwezi ndi mwezi. Mu Febuluwale, mphesa zili pachimake, pamakhala ovataimu ndi bonasi ya makireti. Mwezi womaliza mwina mwagwira sabata imodzi ndi theka. Kalaliki waulesi amangolemba pa UI-19 ndalama ya mwezi womalizawo, tinene R2,100, ndipo UIF ikawerengera pamenepo mumalandira zosakwana theka la zimene zikadabwera. Lamulo limati malipiro akamasinthasintha kwambiri, awerengere pakatikati pa miyezi isanu ndi umodzi yomaliza. Koma a ku leba sangalote manambalawo. Amawaona pa pepala lachiwiri lotchedwa salary schedule, limene limandandalika malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo nalonso amalemba ndi kusaina ndi olemba ntchito. Lipempheni tsiku lomwelo pamodzi ndi UI-19, n'kulifananitsa ndi ma payslip anu mzere ndi mzere.

Ma payslip akewo ali kuti? Ndi funso limene limagonetsa anthu mitu pansi. Ena adakolezera moto, ena adasiya mu hositelo posamuka, ena adasunga koma ndi timapepala topyapyala tija tokhala ngati lisiti la m'sitolo, tosungidwa pansi pa matilesi m'nyumba ya malata mpaka zilembo zonse zidafufutika ndi kutentha. Munthu amene kumudzi amasunga lisiti la feteleza chaka chathunthu mu jumbo, kuno akutaya pepala lokhalo losonyeza kuti adagwira ntchito. Aliyense ali ndi foni ya kamera masiku ano. Jambulani payslip iliyonse tsiku lolandira, tumizani chithunzicho kwa mayi a kunyumba kapena pa imelo yanu, kuti foni ikabedwa umboni usapite nayo.

Ma payslip amenewa ndi amene amakupulumutsani pa vuto lina loipa kuposa onse, pamene bwana amadula 1 peresenti mwezi uliwonse koma osakulembetsani ku UIF, kapena adalembetsa miyezi iwiri yoyamba n'kusiya. Mumangozindikira pawindo, kalaliki akakuuzani kuti mu kompyuta muli mipata. Amene ali ndi ma payslip osonyeza mzere wa UIF ali ndi poyambira mlandu. Amene alibe amangotsala ndi mawu apakamwa. Mipata imeneyi mukhoza kuiona ntchito isanathe: pitani ku leba ndi pasipoti pakati pa nyengo, funsani akuonetseni miyezi imene yalembedwa pa dzina lanu.

Kwa amene mwachoka kale opanda pepala, nthawi ilipo koma ikutha. Muli ndi miyezi 12 kuchokera tsiku lomaliza ntchito kuti mupereke pempho, ndiye musadikire UI-19 kuti mukaonekere ku leba. Lemberani olemba ntchito uthenga wopempha UI-19 ndi salary schedule, wokhala ndi deti, dzina lanu lonse ndi nambala ya pasipoti, ndipo uthengawo musunge. Sangakuuzeni kuti mabuku adataya, chifukwa lamulo limati asunge zolemba za malipiro kwa zaka zitatu. Akakana kapena akangokhala chete, pitani ku polisi mukalembe afidaviti yonena kumene mudagwira, masiku ake ndi malipiro ake, salipiritsa. Tengani afidavitiyo, ma payslip, kontrakiti ndi sitetimenti ya ku banki yoonetsa malipiro akulowa, kapempheni kuonana ndi inisipekitala wa leba, amene ali ndi mphamvu yopita ku famuko. Ngati nambala yalembedwa molakwa, okonza ndi olemba ntchito omwewo ndi UI-19 yatsopano. Musafufute nokha ndi cholembera. Ngati adakuchotsani koma n'kulemba 6, nkhaniyo ndi ya ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito, ndipo masiku okadandaula kumeneko ndi 30 okha. UIF ikakana pempho lanu muli ndi masiku 90 ochita apilo. Zotsalazo, fomu ya UI-2.1 yopemphera ndalamazo, ya UI-2.8 yokadinditsa ku banki, kulembetsa ngati wofuna ntchito, pasipoti ndi pemiti yosatha, mukuzidziwa kale. Akaunti ya ku banki ikhale ya dzina lanu, ndipo musaitseke popita kumudzi.