Galimoto ikakana kulira, chotsani dzanja pa kiyi

Chiyambireni mvula ya chaka chino, m'mawa uliwonse ukamadutsa ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Mpondabwino umamva phokoso lomwelomwelo kuseri kwa mipanda: tchetchetche, tchetchetche, kenako zii, kenako tchetchetche kachiwiri koma mofooka. Ameneyo ndi munthu amene galimoto yake yakana kulira ndipo akuganiza kuti akaumirira igonja. Tsiku la msika pa Songani ndi pa Thondwe nkhani ndi yomweyo. Pofika 8 koloko batire latheratu, mnyamata watumidwa pa kabaza kukabwereka lina, nalonso likukathera pomwepo.

Timvetsetsane, abale anga. Ngati sitata ikutembenuza injini mwamphamvu, ndiye kuti batire ndi sitata zakuuzani kale kuti zili bwino. Vuto lili kwina. Mwina petulo sakufika, mwina moto sukufika ku mapulagi, mwina mpweya sukupanikizika m'masilinda. Pa zitatuzi palibe chimene chimachira chifukwa choti mwapotokola kiyi kakhumi. Chimene mukuchita n'kuwononga zinthu ziwiri zimene zinali zamoyo, ngati munthu wokwapula ng'ombe yamphamvu pamene ngolo yathyoka gudumu.

Sitata ndi kamota kakang'ono, kalibe fani, kalibe madzi oziziritsa. Anakapanga kuti kagwire ntchito masekondi ochepa basi, ndipo pa masekondi amenewo kamakoka magetsi opitirira ma amp 100. Mukakagwiritsa ntchito mphindi yathunthu osapumira, mawaya a mkati amatentha mpaka utoto wotchinga umasungunuka, mabulashi amadyeka, ndipo kafungo kopserera kaja mumakamva muli m'galimoto ndi ndalama zanu zikupsa. Opanga magalimoto ambiri amalemba kuti musapitirire masekondi 10 kapena 15, kenako mupumire. Ndi angati mwa ife amene amawerenga masekondi amenewa?

Batire nalo silinapangidwe kuti lizitheratu ngati la sola. Ntchito yake ndi kupereka mphamvu yambiri kamodzi, kenako otaneta, imene imatchaja batire injini ikamalira, n'kubwezeretsa. Nthawi iliyonse mukalikama mpaka magetsi a pa dashibodi kuzimirira, mapuleti a mkati amawonongeka, ndipo ngakhale mukalitchajitse silibwereranso mwakale. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 V. Poliza, likatsika kupitirira 9.6 V, kompyuta ya injini ndi makoilo zimayamba kulephera. Choncho pamafika poti ngakhale vuto loyamba lija litachoka lokha, galimoto singalirebe, chifukwa mwaibweretsera vuto lachiwiri ndi dzanja lanu.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi chizolowezi chopopa moto ndi phazi. Achikulire athu ankachita zimenezi pa Peugeot 504 ndi Datsun 120Y, ndipo ankalondola, chifukwa kabuleta inali ndi kapampu kothira petulo nthawi iliyonse phazi likaponda. Koma Vitz, Sienta, Passo, Probox ndi Nissan Note zimene zadzaza mu Zomba muno zilibe kabuleta. Zili ndi mainjekita, ndipo amene amayeza petulo ndi kompyuta. Ana a masiku ano amene sanaionepo kabuleta nawonso akupopa, poti anaona bambo awo akutero. Nthawi yonse imene injini ikuzungulira osalira, mainjekita akuthirabe petulo. Mapulagi amanyowa, moto sungadumphenso. Petulo uja amatsuka oyilo wa m'mbali mwa silinda, pisitoni n'kumakhulana ndi chitsulo chouma, wina n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense wa injini. Wotsalayo amapita ku ekizozi kukaononga catalytic converter, chipangizo chotsuka utsi. Ndiye pali ena amene amatsegula paipi ya mpweya n'kuthiramo petulo wa m'botolo mnzawo akuliza. Injini ikangobwezera moto, nkhope ndi manja zapita, galimoto yomwe. Zimenezi zitheretu.

Kukankha nakonso. Poti Zomba ndi wa zitunda, aliyense amaganiza kuti akaitsetsereka ilira. Galimoto ya otomatiki silira ndi kukankha, ngakhale mutaiyambira ku Ku Chawe. Komanso injini ikakhala yozima, mabuleki amalimba mukangoponda kawiri katatu, chiwongolero nacho chimalemera. Kutsetsereka phiri lija m'galimoto yotero ndi kuika moyo wanu ndi wa oyenda pansi pachiswe.

Mwezi wathawu mlimi wina wa kufupi ndi Jali anandipeza ali wokhumudwa kwambiri. Bamboyu amalima tomato wa dzinja, amene tonse tikudziwa kuvuta kwake ndi mtengo wake, ndipo amakagulitsa yekha pa msika waukulu wa Zomba pa Probox yake. Madzulo anathira petulo wa m'chigubu amene anamusunga kwa masabata angapo m'kanyumba kodontha. M'mamawa analongedza madengu, galimoto inalira, inayenda pang'ono, inayamba kutsokomola, n'kuzima. Iwo anandiuza kuti ankaona ngati yangozizidwa. Analiza mpaka batire lawo kutha. Anabwereka la mnzawo wa minibasi, nalo linafooka. Sitata itayamba kufuka utsi ndi pamene anaima. Wina wodutsa anati ndi mapulagi, anagula mapulagi. Wina anati ndi koilo, anagula koilo. Tomato uja anakhala padzuwa tsiku lonse, mawa lake anamugulitsa motaya kwa mavenda a pamsewu, wina anali ataphwanyika kale. Makaniko amene anabwera pomaliza anangomasula paipi ya petulo, n'kuthira pang'ono m'botolo loyera. Pansi pa botolo panakhala madzi. Kukhuthula thanki ndi kusintha fyuluta zinali zokwanira kuyambira pachiyambi. Koma bamboyu analipira sitata, batire, mapulagi, koilo, ndi phindu la munda wonse, ndipo ndalama ya feteleza wobereketsa chimanga ndi imene inapita ku galaja.

Nkhani ya madzi m'petulo musaitenge mopepuka dzinja lino. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zimene zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi. Madzi akachuluka, amapatukana ndi petulo n'kukakhala pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Zigubu zosatseka bwino, fanulo yonyowa, chitsekero cha thanki chimene chinatayika n'kuikapo pulasitiki, zonsezi ndi njira za madzi. Kuyenda ndi thanki yongotsala pang'ono kuuma nakonso kumapha pampu, chifukwa pampuyo ili m'kati mwa thanki ndipo imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo.

Choopsa kuposa zonse ndi galimoto imene yazimira m'madzi. Misewu yathu yolowera ku Kachulu, ku Mayaka ndi ku Chingale ili ndi malo amene madzi amadzaza mvula ikagwa kumtunda. Injini ikazima muli pakati pa madzi kapena mutangotuluka, musakhudze kiyi ngakhale kamodzi. Madzi sapanikizika. Akalowa mu silinda inu n'kuliza, chitsulo cholumikiza pisitoni chimapindika kapena kuthyoka, ndipo apo ndi injini yonse yogula. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Mukapeza yanyowa, itanani makaniko achotse mapulagi, madzi atuluke kaye.

Ndiye muzitani? Lizani masekondi 10, pumani mphindi imodzi, ndipo ikakana kachitatu siyani. Onani ngati petulo alimodi, geji imanama. Onani kagetsi ka chithunzi cha kiyi pa dashibodi: kakamaphethira mukuliza, galimoto siikumuzindikira kiyiyo, makamaka ngati ndi wodulitsa pamsika wopanda chip, ndiye yesani winayo. Potokolani kiyi mpaka magetsi ayake, wina aike khutu pa thanki amve ngati pampu ikung'ung'udza masekondi awiri, koma dziwani kuti ma Toyota ambiri pampu imayamba pokhapokha injini ikamazungulira. Pampu ikakhala chete, tsegulani bokosi la mafyuzi pansi pa boneti, onani fyuzi yolembedwa EFI ndi ya pampu, ndipo relay ya pampu, kaswitchi ka magetsi kokhala ngati kabokosi, mungathe kuisinthanitsa ndi ya hutala ngati zikufanana nambala. Fyuzi yakupsa isinthidwe ndi ya nambala yomweyo, osati waya kapena pepala la ndudu. Mukamva fungo la petulo kwambiri, injini yamwa mopitirira: pondani moto mpaka pansi, osapopa, n'kuliza, pakuti magalimoto ambiri amatseka mainjekita mukatero. Ikakanabe, chotsani mapulagi muwaumitse. Poyesa moto wa pulagi, pasakhale petulo pafupi ndipo musagwire ndi dzanja. Ngati muvi wa rev, woonetsa liwiro la injini, sukugwedezeka n'komwe pamene mukuliza, kayikirani crank sensor, kachipangizo kouza kompyuta kuti injini ikuzungulira, kapena mawaya ake, amene makoswe amakonda kudya galimoto ikagona pafupi ndi nkhokwe. Injini ikamazungulira mofulumira ndi mopepuka kuposa masiku onse, mwina lamba wa timing waduka, ndipo musalizenso. Pofika apa itanani makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, mumuuze zimene mwaona kale, ndipo musagule chitsulo chilichonse asanakuonetseni kuti chakalecho chafadi. Ngati ndi ya otomatiki ndipo ikuyenera kupita ku galaja, inyamulidwe pa lole, isakokedwe ndi chingwe mtunda wautali, chifukwa giyabokosi imauma oyilo injini ikakhala yozima.