Momwe Mungayendetsere Tsiku la Maphunziro mu Sitandade 1 ndi 2

Kuyambira mu 1994, pamene boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, makalasi a ana aang'ono mu mzinda wa Blantyre akhala odzaza kwambiri, moti mphunzitsi wa Sitandade 1 ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chirimba sadabwa akapeza ana oposa 100 atakhala pansi akumuyang'ana, ngakhale kuti boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. M'kalasi yotere n'kosavuta kuti tsiku lonse lithe ana akungobwereza mokweza zimene mphunzitsi wanena, phokoso n'kumamveka mpaka ku ofesi ya ahedi, koma mwana wokhala kumbuyo osagwirako pensulo ngakhale kamodzi. Malangizo otsatirawa ndi a inu aphunzitsi anzanga amene mukufuna kuti mwana aliyense, tsiku lililonse, atchule ndi pakamwa pake, agwire ndi manja ake ndiponso alembe yekha.

Yambani ndi kakhalidwe ka ana, chifukwa phunziro labwino limawonongeka ngati mphunzitsi sangathe kufika kumbuyo kwa kalasi. Jambulani mizere ndi choko pansi, kusiya njira ziwiri kapena zitatu zoti muzidutsamo, ndipo gawani ana m'magulu okhala ndi mayina osavuta monga Nkhunda, Kalulu ndi Gulugufe. Lolemba lililonse gulu limene lidali kutsogolo lipite kumbuyo, kupatula ana amene samva bwino kapena amene amatsinzina maso poyang'ana pa bolodi, omwe ayenera kukhala pafupi nanu nthawi zonse. Ngati mukuphunzitsira pansi pa mtengo, ana afulatire msewu ndi dzuwa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri la Ndirande ndi la Soche, simenti imazizira zedi, choncho pemphani makolo kuti mwana azibwera ndi thumba lakale kapena katoni yokhalira.

Kuitana mayina a ana ambiri chotere kumadya nthawi, koma mukhoza kukusandutsa phunziro. Lembani dzina la mwana aliyense ndi zilembo zazikulu pa kachidutswa ka katoni, ndipo muziyala makadi a gulu lililonse pamalo pake ana asanalowe. Mwana akalowa azifufuza dzina lake n'kuliika m'chitini cha gulu lakelo, ndipo makadi otsala pansi ndi a ana amene ajomba. Masabata oyamba ambiri adzatola dzina la mnzawo, ndipo muyenera kuwathandiza moleza mtima, koma posakhalitsa mudzamva mwana akuuza mnzake kuti, "Ilo si lako, lako limayamba ndi chilembo chonga changa." Mwana amene wanena zimenezi wayamba kale kusiyanitsa zilembo. Mukatha apo funsani tsiku, mwezi ndi momwe kunja kwachera, kenaka ana awiri kapena atatu afotokoze zimene aona panjira, kaya ndi minibasi yowonongeka, kaya amayi ogulitsa zitumbuwa pa geti. Ana ena kwawo amayankhula Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, choncho mwana akasakaniza mawu musamudule pakamwa. Mlekeni amalize, kenaka mubwereze chiganizo chakecho m'Chichewa mokoma mtima.

M'sukulu zambiri za mu mzinda muno ana amalandira phala, ntchito imene bungwe la Mary's Meals lidayamba m'Malawi mu 2002. Mwana wanjala samva, kotero ngati ndondomeko ya sukulu ikulola, phunziro lowerenga libwere ana atamwa kale phala. Asanatenge makapu azisamba m'manja ndi sopo, gulu limodzi panthawi, ndipo mphunzitsi aziyang'ana ndithu. Tonse tikukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera.

Phunziro lowerenga Chichewa ndilo mtima wa tsiku lonse, ndipo likuyenera nthawi imene ana ali ndi mphamvu. Kuyambira mu 2016, pansi pa ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga yotchedwa National Reading Programme, aphunzitsi a Sitandade 1 ali ndi buku la mphunzitsi lolongosola phunziro lililonse mwatsatanetsatane, ndipo njira yake ndi ya magawo atatu: mphunzitsi achite yekha ana akuona, achite pamodzi ndi ana, kenaka ana achite okha. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri ndi loti gawo lachiwiri limatalika chifukwa limasangalatsa, pamene lachitatu, lomwe ndi lofunika koposa, limangodutsidwa nthawi itatha. Sungani nthawi ya gawo lachitatu mwadala, ngakhale zitatanthauza kufupikitsa nyimbo.

Tiyerekeze kuti lero mukuphunzitsa chilembo cha n. Yambani ndi khutu musanapite ku diso: tchulani mawu monga nama, mutu, nona, kalulu ndi nena, ndipo ana aziimika chala chachikulu akamva mawu oyamba ndi liwu la chilembochi, n'kuchiloza pansi akapanda kulimva. Chizindikiro cha chala n'chabwino kuposa kufuula chifukwa mumaona msanga amene akungoonera kwa mnzake. Kenaka lembani chilembocho pa bolodi pang'onopang'ono mukunena kumene dzanja likupita, ana alembe m'malere, alembe ndi chala pamsana pa mnzawo, atuluke akalembe pa dothi ndi kamtengo, ndipo pomaliza alembe m'makope. Mukawafikitsa pa maphatikizo a na, ne, ni, no, nu, gawirani gulu lililonse makadi a katoni kuti apange okha mawu monga ana, ina, ine ndi nena. Zilembo zochepa zofala, monga a, n, i, k, u ndi m, zimakwanira kupanga mawu ambiri odziwika kwa mwana, monga kana, nama ndi mana, ndipo mwana amasangalala kwabasi akazindikira kuti wapanga yekha mawu enieni.

Chenjerani ndi kuloweza. Ana a zaka zisanu ndi chimodzi ali ndi makutu akuthwa, ndipo amatha kuyimba tsamba lonse maso ali pa mphunzitsi, chala chikuyenda pa mzere wolakwika. Pofuna kudziwa zoona, lozani maphatikizo mosatsata ndondomeko, muyambe ndi nu, mulumphire pa ne, mubwerere pa na. Koposa zonse, pamene ena akulemba, itanani ana asanu tsiku lililonse, mmodzimmodzi, akuwerengereni maphatikizo atatu ndi mawu awiri, ndipo muchonge m'kabuku kanu amene wakhoza ndi amene akuvutika. Ana asanu patsiku ndi ana 25 pasabata, kutanthauza kuti ngakhale kalasi ya ana 100 mudzakhala mutamva mwana aliyense payekha pakutha pa mwezi. Palibe chinthu china chimene ndingakulimbikitseni kuposa chimenechi, popeza mwana wachete amene amabisala m'phokoso la anzake amafika Sitandade 3 asakudziwa kuwerenga ngati palibe amene adamumvapo yekha.

Ana akafika pa maphatikizo ovuta, thandizani thupi lawo kumva kusiyana kwake. Auzeni aike chikhatho pafupi ndi pakamwa n'kutchula pala ndi phala, kola ndi khola, tenga ndi thenga, ndipo adzamva mpweya ukuwomba dzanja pa mawu okhala ndi h. Momwemonso ngoma ndi ng'ombe muzizilemba moyandikana kuti kachizindikiro kapamwamba kaja asakaiwale.

Nthano isasowe, ngakhale ya mphindi zisanu. Mukayamba ndi "Padangokhala" ana n'kuvomera kuti "Tili tonse," kalasi yonse imakhala bata popanda kukalipa. Imani pakati pa nthano ndi kufunsa kuti akuganiza kuti Kalulu achita chiyani tsopano, ndipo aliyense ayambe wauza mnzake wapafupi musanasankhe woyankha, kuti oyankhula asakhale atatu omwe aja okweza manja masiku onse. Ndagi nazo zimanola maganizo: mukati "Ndagi," iwo "Gize," inu "Nyumba yanga yopanda khomo," ndipo amene wanena kuti dzira afotokoze chifukwa chake.

Pa masamu, manja agwire chinthu nambala isanalembedwe. Aphunzitsi amene adadutsa ku makoleji monga Blantyre Teachers' College amaidziwa mfundo ya TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo, ndipo mu mzinda muno zinthuzo n'zosasowa: zitsekerero za mabotolo zimangotayika pa magolosale, makatoni amapezeka mu msika wa Limbe, timiyala ndi timitengo tili paliponse. Mwana aliyense akhale ndi kajumbo ka zitsekerero khumi zotsukidwa bwino. Mukanena kuti zitatu kuphatikiza ziwiri, aike zitatu kumanzere, ziwiri kumanja, azikankhire pamodzi n'kuwerenga, ndipo pokhapo mulembe 3 + 2 = 5 pa bolodi. Tsiku lina muwapatse zisanu ndi kuwafunsa njira zonse zozigawira pawiri, kuti adzionere okha kuti 4 ndi 1 kapena 2 ndi 3 zimafika pamodzimodzi. Mu Sitandade 2 mangani timitengo khumikhumi ndi mphira, kuti nambala ngati 34 ioneke ngati mitolo itatu ndi timitengo tinayi tapadera. Mwana amene adamasulapo mtolo kuti achotsere savutika akadzafika pa masamu obwereka. Panja jambulani phada wokhala ndi manambala, mwana azitchula nambala imene wapondapo, ndipo Lachisanu konzani kagolosale ka mapaketi opanda kanthu a sopo, mchere ndi machesi, zitsekerero zija zikhale ndalama.

Chingerezi pa msinkhu uwu chiyambire m'kamwa ndi m'thupi. Malonje, mayina a zinthu za m'kalasi ndi malamulo afupiafupi oti aimirire, akhale pansi kapena agwire mutu, zonsezi muzichita nawo mukuonetsa, ndipo mawu atsopano akhale ochepa patsiku. Pa luso, dongo n'lokwanira: aumbe ng'ombe, miphika ndi chilembo chimene aphunzira m'mawa, chifukwa kuumba kumalimbitsa zala zomwezo zogwirira pensulo.

Mwana wamng'ono satha kukhala malo amodzi nthawi yaitali, choncho musinthe zochita pakatha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndipo mukaona ayamba kutsinana, aimirire, adziwongole, ayimbe pang'ono. Gwirizanani nawo chizindikiro chimodzi chofunira bata, monga kuwomba m'manja katatu iwo n'kubwezera, ndipo muchigwiritse ntchito mosasinthasintha. Chikwapu chilibe malo m'kalasi. Kupatula kuti n'choletsedwa, mwana amene wamenyedwa chifukwa cholakwitsa yankho amaphunzira kutseka pakamwa, pamene ntchito yathu yonse ndi yoti atsegule. Ikaninso nthawi yodziwika yopitira ku chimbudzi gulu ndi gulu, koma mwana wopempha mwadzidzidzi musamukanize.

Ana asanaweruke, afunseni chinthu chimodzi chimene aphunzira, ndipo muwapatse ntchito yaing'ono yosafuna ndalama kapena magetsi, monga kukafufuza chilembo cha lero pa paketi ya shuga kapena pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu, kapena kukawerengera agogo mawu atatu a m'kope. Mwana amene khadi la dzina lake lakhala likutsala pansi masiku angapo otsatizana mumudziwitse kwa ahedi ndi kwa gulu la amayi la pa sukulupo kuti akamuyendere kwawo. Mayina a ana amene kabuku kanu kakuonetsa kuti akutsalira muwasonkhanitse, mukhale nawo mphindi khumi ndi zisanu anzawo atapita, makolo atadziwitsidwa, ndipo mavuto amene akukukanikani mukawatule kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu pa misonkhano ya ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanako. Pomaliza, popeza zipinda zambiri zilibe maloko ndipo zina mumalowa kalasi ina masana, longedzani makadi, mitolo ya timitengo ndi majumbo a zitsekerero m'katoni imodzi yolembedwa dzina la kalasi yanu, ndipo atsogoleri a magulu azikaisiya ku ofesi tsiku lililonse ndi kukaitenga m'mawa belu lisanalire.