Kukhala wa chigawo chanu ku Amereka: fizi ya ku koleji ndi malo ku sukulu ya udokotala

Ku Amereka, yunivesite ya boma ili ndi mitengo iwiri. Mtengo wotsika ndi wa anthu a m'chigawo (state) chomwe muli yunivesiteyo, omwe amati in-state, wokwera ndi wa ochokera kwina. Kusiyana kwake si kwa masewera. Ku University of California, wophunzira digiri yoyamba yemwe si wa m'chigawomo amawonjezera madola oposa 30,000 pa chaka pamwamba pa fizi ya aliyense. Makolo ambiri a Chimalawi amadziwa zimenezi kalata ya fizi itafika kale, pomwe chofunika chinali kuyamba kusunga mapepala chaka chathunthu m'mbuyomo.

Chipata choyamba cholowera pa mtengo wotsikawu ndi pepala lanu la imigireshoni. Wa viza ya F-1 (ya ophunzira) kapena J-1 (ya obwera pa mapulogalamu osinthana) lamulo limamuona ngati mlendo wodzabwerera kwawo, choncho m'zigawo zambiri sangawerengedwe ngati wa m'chigawomo ngakhale atakhalamo zaka zisanu ndi kulipira msonkho. Wa green card (chilolezo chokhazikika m'dzikomo), wothawa kwawo wolandiridwa ndi boma, ndi nzika, onsewa angathe. Zigawo zambiri zimalolanso a viza ya ntchito ya H-1B ndi ana awo. Amene mukugwira ntchito ku World Bank kapena IMF pa viza ya G-4 dziwani kuti mu 1982, pa mlandu wa Toll v. Moreno, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti University of Maryland singakanize ana a G-4 mtengo wotsika chifukwa cha vizayo yokha.

Chipata chachiwiri ndi nthawi pamodzi ndi cholinga. Kawirikawiri amafuna miyezi 12 yotsatizana temu isanayambe. California imawerenga masiku 366. Koma kugona m'chigawomo kokha sikukwanira. Akufuna umboni kuti munabwera kudzakhazikika, osati kudzaphunzira basi. Apa ndi pomwe ambiri amachita mphwayi: amasamukira ku Texas mu Julayi koma laisensi ya galimoto n'kudzaisintha mu Febuluwale, ndipo ofesi ya kolejiyo ikhoza kuyambira kuwerenga pa Febuluwalepo. Sabata yoyamba yomweyo tengani laisensi kapena chiphaso cha chigawocho, lembetsani galimoto, onetsetsani kuti dzina lanu lili pa pangano la lendi ndi pa bilu ya magetsi, ndipo musunge mapepala onse a malipiro a kuntchito. Nyengo ya msonkho ikafika, lembani ngati wokhala m'chigawomo. Amene mukukhala kwa achibale popanda dzina lanu pa pepala lililonse, vuto lanu ndi lalikulu kuposa la ena, pakuti mawu a amalume si umboni ku ofesi imeneyi.

Chenjezo limodzi lisakudutseni. Mndandanda wa maumboni umatchulanso kulembetsa kuvota. Ngati si inu nzika, musayerekeze, ngakhale kalaliki wa ku ofesi ya malaisensi atakufunsani. Ndi mlandu, ungakuphereni mwayi wa unzika ndi kukuthamangitsitsani m'dzikomo.

Mwana wosafika zaka 24 nthawi zambiri amatsatira makolo ake. Ngati bambo ndi mayi ali ku Indiana ndipo amamulemba pa msonkho wawo ngati wowadalira, iye sangadzitche wa ku California chifukwa wachita lendi chipinda kumeneko. Ayenera kusonyeza kuti amadzisamalira ndi ndalama zake. California ili ndi lamulo la AB 540 la mu 2001 lopatsa mtengo wotsika kwa amene anaphunzira sekondale zaka zitatu m'chigawomo n'kumaliza, koma a F-1 salowamo.

Ku sukulu ya udokotala nkhaniyi imakula, chifukwa sikhudza fizi yokha, imakhudza mpando weniweniwo. Lamulo la Texas limati pa ophunzira 100 aliwonse m'masukulu a boma a udokotala, osachepera 90 akhale a ku Texas, ndipo ambiri mwa masukuluwa amalandira mafomu kudzera mu TMDSAS, njira yofunsira malo ya ku Texas, osati AMCAS, yomwe masukulu ambiri a udokotala m'dzikomo amagwiritsa ntchito. Brody School of Medicine ku East Carolina University imatenga a ku North Carolina okha. University of Washington imasungira malo a ku Washington, Wyoming, Alaska, Montana ndi Idaho pa pulogalamu ya WWAMI. Pa fomu ya AMCAS mumatchula chigawo chimodzi chokha, ndipo kuchitchula sikukupangani kukhala wa kumeneko. Sukulu iliyonse imadzafufuza payokha. Wolemba chigawo chomwe alibe nacho mapepala amatha kupezeka alibe kwawo konse, chakale anachisiya, chatsopano sichinamulandire.

N'chifukwa chake amene akupuma chaka akamaliza digiri yoyamba aganize kawiri asanalandire ntchito kuchigawo china. Ntchito ya chaka chimodzi m'labu ku Boston ingachotse dzina lanu ku Texas komwe mwayi wanu unali waukulu. Kwa wa F-1, masukulu a udokotala olandira alendo ndi ochepa, ngongole za boma sapatsidwa, ndipo ena amafuna kuti asonyeze kapena kuikiratu ndalama za chaka chimodzi mpaka zinayi. Kwa ameneyu, kuyamba ndi green card ndiyo njira yanzeru.

Akakukanani mtengo wotsika, pali apilo, koma masiku ake ndi ochepa. Lemberani ofesi ya registrar, yosunga kaundula wa ophunzira, pa imelo, funsani tsiku lomwe amayambira kuwerenga ndi tsiku lomaliza kupereka mapepala, ndipo sungani yankho lawo. Ku North Carolina zonsezi zimadutsa pa Residency Determination Service, yomwe imakupatsani nambala yoti mupereke ku koleji iliyonse ya m'chigawomo.