Mukadwala kapena mavuto akakupanikizani: zoyenera kuchita pofunafuna machiritso a Mulungu

Munthu akadwala nthawi yaitali, kapena mavuto akamangobwera motsatizana, lero maliro mawa ntchito yatha mkuja mwana wagonekedwa, funso loyamba kubwera m'mutu limakhala loti kodi ine ndinamulakwira chani Mulungu? Ndipo akapanda kudzifunsa yekha apezeka ena omufunsa, kawirikawiri anzake a mutchalitchi omwe. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, chifukwa munthu amakhala akuvutika kale ndi thupi nde tikumusenzetsanso katundu wina mumtima. Tiyeni tione zoyenera kuchita, chimodzi chimodzi.

Choyamba chotsani kaye maganizo oti matenda alionse ndi chilango cha tchimo lanu. Ophunzira a Yesu nawo ankaganiza choncho. Pa Yohane 9 ataona munthu amene anabadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake, Yesu nkuwayankha kuti palibe, si iye si makolo ake. Pa Luka 13 anatchulanso anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera nkuwapha, nkufunsa ngati iwowo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, yankho lake ayi. Yobu ndiye osanena, buku lake likuyamba ndi kutiuza kuti anali munthu wolungama, koma ana 10 anafa tsiku limodzi, chuma chinapita, thupi lonse zilonda. Anzake atatu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anatha machaputala ambirimbiri akumukakamiza kuti avomere tchimo lobisika, koma kumapeto pa Yobu 42:7 Mulungu anakwiyira iwowo kuti sananene zoona za Iye. Zoona zake nzoti tchimo linalowa m'dziko ndipo imfa inalowera pomwepo, Aroma 5:12 ikutero, ndiye tonse tikukhala m'dziko losweka mmene olungama ndi osalungama omwe amadwala khansa, shuga, BP ndi zina zotero.

Komatu sindikunena kuti tchimo ndi mavuto sizikhudzana olo pang'ono. Munthu uja anadwala zaka 38 pa thamanda la Betesda, Yesu atamuchiritsa anakakumana naye m'kachisi nkumuchenjeza kuti asachimwenso kuopa kuti chingamugwere choipa choposa. Davide pa Salimo 32 akuti pamene ankabisa tchimo lake mafupa ake anakalamba ndi kubuula tsiku lonse. Ndiye kudzifufuza nkofunika, bola muzichita nokha pamaso pa Mulungu, osati wina azikufufuzani ngati wapolisi.

Chitani chonchi. Pezani nthawi yoti muli phee, foni ikhale patali, werengani Salimo 139:23-24 ndipo mupemphe Mulungu akuonetseni ngati pali china chokhota. Kenako dikirani. Mzimu Woyera akamatsutsa munthu amatchula chinthucho ndi dzina lake, ndalama zija unatenga, bodza lija unamunamizira mnzako, chibwenzi chija, chidani chija wasunga zaka. Chikabwera chotero vomerezani mosapita m'mbali, ndipo ngati pali chobweza bwezani ngati mmene anachitira Zakeyu, ngati pali woti mukamupepese pitani kapena muimbireni. Koma ngati chomwe mukumva ndi kulemedwa chabe, mau ongokuuzani kuti ndiwe wachabechabe, Mulungu anakutaya kalekale, opanda chinthu chenicheni choti mungalape, amenewo ndi mau a Satana, woneneza uja, musawapatse mpando. Mukalapa khulupirirani 1 Yohane 1:9 kuti wakhululuka ndipo wakusambitsani, basi lekani kukumba. Anthu ena amalapa tchimo lomwelomwelo tsiku ndi tsiku chifukwa matenda sakutha, akuganiza kuti mwina sindinalape bwino. Kulapa si ndalama yogulira machiritso abale anga. Timalapa chifukwa tikufuna kukhala bwino ndi Atate wathu, kaya thupi lichira lero kaya lichedwa.

Kenako pempherani, ndipo nenani zenizeni. Bartimeyu atafuula m'mbali mwa msewu ku Yeriko, Yesu anamufunsa kuti ukufuna ndikuchitire chani, iye sanazungulire, anangoti ndione. Inunso tchulani, "Atate, chotupa ichi chikundiopsa, usiku sindikugona, ndichiritseni, apatseni nzeru madokotala, ndipo mundigwire mtima ndisataye chikhulupiriro." Pemphero lotere ndi lokwanira. Kulira ndi kololedwa, mfumu Hezekiya atauzidwa kuti afa anatembenukira kukhoma nkulira kwambiri, Mulungu anati ndaona misozi yako nkumuonjezera zaka 15. Kudandaula nakonso nkololedwa, werengani Salimo 88 muone, salimo lonse ndi madandaulo okhaokha mpaka vesi lomaliza, koma lili m'Baibulo momwemo. Ndipo musamadziyeze kuti kaya chikhulupiriro changa chakwana kaya sichinakwane. Bambo uja wa pa Marko 9:24 anauza Yesu kuti ndikukhulupirira koma thandizani kusakhulupirira kwanga, ndipo mwana wake anachira ndithu.

Musavutike nokha. Yakobo 5:14 akuti wodwala aitane akulu a mpingo, amupempherere ndi kumudzoza mafuta m'dzina la Ambuye. Onani kuti woitana ndi wodwalayo, ndiye musangogona nkumadandaula kuti abusa sanabwere pomwe simunawauze, tumizani uthenga kaya pa WhatsApp kaya mutume wachibale. Mafutawo ndi mafuta wamba, mphamvu ili m'dzina la Ambuye. Vesi 16 ikupitiriza kuti muziululirana machimo ndi kupemphererana, apa sankhani munthu mmodzi kapena awiri okhwima m'chikhulupiriro amene amasunga pakamwa, nkhani zanu zisakhale za gulu lonse. Ine nkhani imene imandigwira mtima ndi ya pa Marko 2, ku Kaperenao. Nyumba yadzaza mpaka pakhomo, anthu anayi afika atanyamula mnzawo wofa ziwalo, polowera palibe, nde akwera naye padenga, asasula, nkumutsitsa ndi mphasa yake yomwe kutsogolo kwa Yesu. Wodwalayo sanalankhule kanthu. Malemba akuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo, cha onyamula aja, ndipo mau ake oyamba anali oti mwana wanga, machimo ako akhululukidwa, kenako ndi pomwe anati dzuka, nyamula mphasa yako uzipita kwanu. Pali masiku ena oti inu simungathe nkupemphera komwe, lolani ena akunyamuleni.

Tsopano nkhani ya kuchipatala, apa ndilankhula mosabisa chifukwa anthu akufa nazo. Kumwa mankhwala si kuchepa chikhulupiriro. Hezekiya yemwe uja, Mulungu atalonjeza kale kuti amuchiritsa, Yesaya analamula kuti atenge nkhuyu zouma aike pachithupsa chimene ankadwala. Paulo ankayenda ndi Luka amene pa Akolose 4:14 akumutchula kuti dokotala wokondedwa, ndipo Timoteo atavutika ndi m'mimba anamulangiza chakumwa choti chimuthandize. Ndiye pitani mukayezetse, imwani mankhwala mmene akuuzirani, uku mukupemphera. Ngati mwapemphereredwa ndipo mukumva kuti mwachira, thokozani Mulungu koma musataye mapilitsi, bwererani kwa dokotala akakuyezeni. Yesu mwini anatuma akhate 10 aja kuti akadzionetse kwa ansembe, amene nthawi imeneyo ndiwo ankatsimikiza kuti munthu wachira. Machiritso enieni saopa kuyezedwa. Makamaka amene mukumwa ma ARV dziwani kuti akakuuzani kuti kachilombo sikakuoneka m'magazi ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, mukasiya kamachulukananso ndipo kakhoza kuyamba kupima mankhwalawo. TB nayo mankhwala ake nthawi zambiri ndi a miyezi 6, malizani onse olo mutayamba kupeza bwino mwezi wachiwiri. Insulin, mankhwala a khunyu, a BP, a matenda a maganizo, zonsezi osasiya chifukwa munthu wina wanena pa guwa.

Za kumasulidwa ku mizimu yoipa, inde zilipo, Yesu anatulutsa ziwanda ndipo anapatsa ophunzira ake ulamuliro womwewo. Koma samalani kumene mukupita. Chizindikiro chophweka ndi ndalama. Pa Mateyu 10:8 Yesu anati munalandira kwaulere, perekani kwaulere. Namani atachira khate anabwera ndi mphatso, Elisa anakana, wantchito wake Gehazi nkuthamangira kukatenga mobisa, khate lija linamugwera iyeyo. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphamvu ya Mzimu, Petro anamuuza kuti atayike pamodzi ndi ndalama zakezo. Ndiye wina akamati kuti ndikuoneni lipirani kaye, kapena gulani madzi awa, mafuta awa, sitika iyi, nyamukani muzipita. Chizindikiro china ndi zipatso zake. Ngati pambuyo pa mapemphero mwatuluka ndi mantha ochuluka kuposa mmene munalowera, mukudana ndi mayi anu kapena agogo anu chifukwa akuti ndi amene akukulodzani, ndipo sabata iliyonse mukuyenera kubwereranso kwa munthu yemweyo, pamenepo simunamasulidwe, mwangosintha womanga. Yang'anani munthu wa ku Gerasa uja pa Marko 5, amene ankakhala kumanda nkumadula maunyolo, Yesu atathana nazo anthu anamupeza atakhala pansi, atavala, nzeru zake zili bwinobwino, ndipo anamutumiza kwawo kwa abale ake. Komanso amayi ndi atsikana, musalole kupemphereredwa muli awiriwiri m'chipinda chotseka kapena kugwiridwa thupi mosayenera, pitani ndi munthu wina nthawi zonse.

Mbali yanu pa kumasulidwa ndi iyi: siyanani nazo zinthu zimene zinakumangani. Okhulupirira a ku Efeso pa Machitidwe 19 anabweretsa mabuku awo amatsenga nkuwatentha pagulu, mtengo wake unakwana ndalama zasiliva 50,000, sanawagulitse kuti apezeko kenakake. Ngati ndi zithumwa tayani, ngati ndi mowa kapena juga kapena zolaula za pa intaneti, fufutani manambala ndi ma app amene amakukokerani, uzani munthu mmodzi woti azikufunsani mmene zikuyendera, ndipo ngati thupi linazolowera kale mowa wambiri kapena mankhwala ozunguza bongo funsani achipatala mmene mungasiyire chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumatha kudwalitsa koopsa. Mukatero dzazani malowo. Yesu pa Mateyu 12:43-45 anachenjeza za nyumba yosesedwa koma yopanda mwini, mzimu woipa umene unatulukamo umabwerera ndi ina 7 yoipa kuposa iwo. Mau a Mulungu tsiku lililonse olo mavesi ochepa, kusonkhana ndi ena, ntchito yoti manja azigwira.

Pena chimene tikuchitcha chiwanda chimakhala kutopa ndi kuvutika maganizo. Eliya atathawa Yezebeli anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu nkupempha kuti afe, Mulungu sanamukalipire, anamusiya agone, mngelo nkumudzutsa kuti adye, kawiri konse, kulankhula naye kunabwera pambuyo. Ngati mwafika poganiza zodzipha, chonde uzani munthu lero lomwe ndipo mupite kuchipatala, matenda amenewa ali ndi chithandizo.

Nanga mwachita zonsezi koma osachira? Apa mpovuta ndipo sindikufuna kukupatsani yankho lopepuka. Paulo, amene Mulungu anachiritsa anthu ambiri kudzera mwa iye, anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, yankho linali loti chisomo changa chikukwanira. Yemweyo analemba kuti Trofimo ndinamusiya akudwala ku Mileto. Elisa amene anaukitsa mwana wakufa, 2 Mafumu 13:14 ikuti anadwala nthenda imene anafa nayo. Anthu amenewa chikhulupiriro anali nacho. Ndiye pitirizani kupempha ngati mayi wamasiye wa pa Luka 18 amene sanatope kupita kwa woweruza, koma muziphatikizapo mau a Yesu a m'Getsemane oti kufuna kwanu kuchitike, ndi a anyamata atatu a pa Danieli 3 amene anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wathu akhoza kutipulumutsa, koma ngakhale atapanda kutero fano lanulo sitilipembedza. Muzipemphanso mphamvu za tsiku limenelo lokha, tulo ta usiku uno, mtendere pokalandira zotsatira mawa. Ndipo gwiritsitsani lonjezo la pa Chivumbulutso 21:4, kuti ikubwera nthawi imene imfa, kulira ndi zowawa sizidzakhalaponso, chifukwa Yesu amene anasenza zowawa zathu pamtanda anauka ndi thupi lenileni.

Mau ochepa kwa inu amene mukukaona wodwala, poti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyambirira pamene anangokhala naye pansi osalankhula, zinalakwika atatsegula pakamwa. Mukafika perekani moni, khalani pansi, mvetserani. Musamufunse kuti mwadzifufuza, musamuuze kuti mukanakhala ndi chikhulupiriro bwenzi mutadzuka, musayambe kufotokoza za wina amene anamwalira ndi nthenda yomweyo. Funsani kuti ndikupempherereni chani, pempherani mwachidule ndi mau otsika, kenako funsani ngati pali zochapa, ngati ana ali ndi wowaperekeza kusukulu, ngati pali woti apite naye kuchipatala tsiku la sikelo kapena lokaonana ndi dokotala. Wosamalira wodwalayo muuzeni akagoneko maola awiri inu mukhalepo. Ndipo lembani penapake tsiku loti mudzabwerenso pakatha mwezi, chifukwa sabata yoyamba anthu amadzaza nyumba koma matenda akatalika amatsala ndi wachibale mmodzi yekha.