Kalukidwe ka chipewa chansonga chokhala ndi mphonje

Akutali amaganiza kuti kuno ku Mangochi kulibe chisanu. Akafunse asodzi amene amachezera panyanja mu Juni ndi Julayi mwera ukukuntha, kapena akabaza amene amawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kusanache, osanena za kumtunda ku Chowe ndi ku Namwera. Chipewa chothandiza pamenepo ndi chogwira mutu, chophimba makutu, chosauluka ndi mphepo. Nsonga ndi mphonje nzokometsera chabe. Ntchito yeniyeni ili pa muyeso, ndipo zipewa zambiri zimene zimathera pansi pa sutikesi zinalakwika pamenepo.

Kwa munthu wamkulu konzani magalamu 150 a ulusi wa acrylic wonenepa pakatikati, umene papepala lake amalemba kuti DK kapena double knit. Chipewa chokha sichingaumalize, koma mphonje imadya ulusi kuposa mmene imaonekera. Gulani wonse tsiku limodzi. Ofiira wa lero ndi ofiira wa sabata yamawa amasiyana, ndipo kusiyanako kumaonekera padzuwa chipewa chitatha kale. Singano za crochet zikhale ziwiri, ya 4 mm ndi ya 3.5 mm. Pafunikanso tepi ya telala, sizasi, singano ya diso lalikulu yosokera ulusi, kakatoni ndi batani limodzi.

Pamsika samalani ndi mipukutu yopanda pepala. Ena amakulunga ulusi pa katoni yokhuthala mkati kuti mpukutu uoneke waukulu, ena amalumikiza zidutswa, mumangokumana ndi mfundo mukuluka. Finyani mpukutuwo, mukamva cholimba mkati kaikeni pa sikelo ya ogulitsa nyemba musanalipire. Singano nayo yendetsani chala pakamwa pa ngowe yake. Ikakala, idzang'amba ulusi njira yonse. Ngati ndalama yachepa, juzi ya pa kaunjika imatuluka ulusi wabwino pamtengo wotsika, bola muone misoko yake kaye. Juzi imene m'mbali mwake anachita kudula ndi kusoka ndi makina a ovaloko imangotulutsa tizidutswa tatifupitifupi, isiyeni. Ulusi womasulawo umakhala wopotanapotana. Ukulungeni pa msana wa mpando, uviikeni m'madzi ndi kuuyanika pamthunzi kuti uwongoke.

Sitichi ya chipewa chonse ndi double crochet, ija yokulunga ulusi kamodzi ndi kutulutsa pawiripawiri. Mukamaonera pa YouTube dziwani kuti aku Britain sitichi yomweyi amaitcha treble.

Tsopano muyeso. Zungulizani tepi pamutu pa mwini chipewa, kudutsa pachipumi ndi pamwamba pang'ono pa makutu, mpaka kunkhongo pamene patukuka kwambiri. Akuluakulu ambiri amagwa pakati pa 54 ndi 58 cm. Ngati ndi mayi wokonda kuluka tsitsi kapena kuika mesh, muyezeni tsitsilo lili mmutu, chifukwa limawonjezera ndithu. Pa nambala imene mwapezayo chotsanipo 4 cm. Chipewa chiyenera kuchepa kuposa mutu kuti chizichita kutamuka pochivala. Mukachiluka chofanana ndi mutu, tsiku loyamba chimaoneka bwino, pofika sabata yachiwiri chikutsikira m'maso, pakuti acrylic akatamuka sabwerera msanga.

Nambala ya masitichi musatengere kwa mnzanu, ngakhale mutagula ulusi umodzi. Manja amasiyana, wina amamanga kwambiri, wina amalekerera. Lukani kachidutswa koyesera ka masitichi 25 ndi mizere 8, kagonekeni patebulo osakakoka, muwerenge masitichi amene alowa mu 10 cm pakati pake. Ambiri ndi singano ya 4 mm amapeza 14, 15 kapena 16. Tinene kuti mutu ndi 56 cm ndipo mwapeza 15. Kuchotsa 4 kutsala 52, ndipo 52 kuchulukitsa ndi 15 kenako kugawa ndi 10 ndi 78. Mudzalekera kuwonjezera pa masitichi 78. Amene wapeza 14 alekere pa 72, wa 16 apitirire mpaka 84. Onani tsono zimene zimachitika munthu wa manja olekerera akatengera 78 wa mnzake, iye kachidutswa kake kakupereka 13: chipewa chake chituluka 60 cm, chachikulu kuposa mutu umene chikupitako. Ulusi womwewo, singano yomweyo, koma pamutu ngati thumba la ufa. Kachidutswa kaja kamatenga mphindi zochepa, kumasula chipewa chonse kumatenga madzulo athunthu.

Timayambira kunsonga kutsika mmunsi, chifukwa njira imeneyi imalola kuyesa pamutu mukuluka. Pangani mphete ya ulusi yokoka, mulukemo masitichi 6, mukoke mchira kuti bowo litsekeke. Mchirawo usiyeni wautali, 15 cm, ndipo mudzausoke mozungulira kawiri, chifukwa mphonje idzalendewera pomwepo. Mizere isanu ndi umodzi yotsatira muziwonjezera masitichi 3 okha pa mzere uliwonse: 9, 12, 15, 18, 21, 24. Pa mzere wachiwiri ndiye kuti sitichi imodzi payokha, ziwiri pamalo amodzi, katatu. Pa wachitatu ziwiri pazokha, ziwiri pamalo amodzi, choncho kumakwera. Mizere yoyambayi imasautsa chifukwa chala sichilowa bwino. Lowetsani pensulo mkati kuti muziona pobaya. Onetsetsaninso kuti kunja kwa nsalu kwayang'anadi kunja, chifukwa kansonga kamakonda kudzitembenuza kakadali kakang'ono.

Mukafika pa 24 yambani kuwonjezera 6 pa mzere: 30, 36, 42, mpaka pa nambala yanu ija. Kuchoka pa 24 kupita pa 30 ndi zitatu pazokha kenako ziwiri pamalo amodzi, kasanu ndi kamodzi. Wa 78 adzafika pa mzere wa 16. Chimene chimapangitsa nsonga ndi kuchedwetsa kuwonjezera kumeneku. Mukanati muziwonjezera 12 pa mzere uliwonse chikanatuluka chafulati ngati kansalu ka patebulo. Ofuna nsonga yaitali yogwera kumsana apitirize kuwonjezera zitatuzitatu mpaka 36 kapena 42 asanasinthe, koma agulenso ulusi wina. Malo owonjezerapo muziwasuntha pang'ono mzere ndi mzere. Akasanjikizana pamodzimodzi, chipewa chimatuluka ndi ngodya zisanu ndi imodzi. Ngati masamu anu akupatsani nambala yosagawika ndi 6, monga 69 ya mwana wa mutu wa 50 cm, musavutike. Pa mzere womaliza wonjezerani zokhazo zimene zatsala kuti mufike pa 70. Chofunika nchakuti nambalayo igawike ndi 2, chifukwa cha mkombero.

Pali msampha wina umene umawononga masamu onsewa mwakachetechete, ndipo uli polumikizira mzere. Mukatseka mzere ndi slip stitch, ija yongobaya ndi kukoka ulusi kudutsa zonse nthawi imodzi, kasitichi kotsekerako kamaoneka ngati sitichi yeniyeni mukazungulira nkubwereranso. Mukabayamo, mwawonjezera imodzi osadziwa. Pa mzere umodzi sizioneka. Koma pa mizere 7 yowongoka imene mudzaluke mukasiya kuwonjezera ndi masitichi 7, pafupifupi 5 cm, ndiye kuti 4 cm munachotsa ija yabwerera yonse ndi phindu. Chipewa chimagwira bwino pamwamba koma mmunsi chayasama ngati siketi. Njira yosavuta ndi iyi: poyamba mzere lukani matcheni 2 koma musawawerenge ngati sitichi, sitichi yoyamba mubaye pomwepo pamene mwatsekera, muikepo kaulusi ka mtundu wina kapena pini, ndipo potseka mutsekere pamutu pa sitichi ya chizindikiroyo, osati pa tcheni. Werengani mzere uliwonse musanatseke. Zimatopetsa, makamaka madzulo magetsi atazima mukuluka ndi tochi ya foni, koma ulusi wakuda kapena wa buluu woderapo sukhululuka.

Mukasiya kuwonjezera, pindani chipewacho pawiri patebulo muyeze mulifupi mwake mmunsi. Pa chitsanzo chathu payenera kukhala 26 cm. Zikaposa ndi sentimita imodzi kapena ziwiri, masulani mzere umodzi pompano, musadikire.

Kuchokera apo lukani mowongoka osawonjezera, mizere 7 kapena pafupifupi 8 mpaka 9 cm. Yesani pamutu, chifike pamwamba pa makutu. Sinthani singano mutenge ya 3.5 mm, muluke mkombero wa mizere 4 mosinthanitsa front post ndi back post, kutanthauza kukola thupi la sitichi ya mmunsi m'malo mobaya pamutu pake, imodzi kutsogolo imodzi kumbuyo. Kuchokera pamene munasiyira kuwonjezera mpaka kumapeto pakhale 12 kapena 13 cm kwa wamkulu. Potseka musakoke kwambiri, mkombero wothina umasiya mzere pachipumi ndi kupweteketsa mutu.

Mphonje ndiye yosavuta. Dulani katoni ya 12 cm, kulungani ulusi maulendo 35 kapena 40, lowetsani ulusi wowirikiza wa 40 cm kumtunda mumange mfundo yolimba, mudule kumunsi. Mangani khosi 2 cm kuchokera pamwamba, mulinganize kumunsi kwake ndi sizasi. Ikapotana, iikeni pa nthunzi ya ketulo kanthawi kochepa. Michira iwiri ya pamwamba ija ilowetseni pabowo la nsonga, mkati muidutsitse pa batani ndi kumanga. Batanilo limaletsa mphonje kukoka sitichi imodzi yokha, komanso mutha kuimasula pochapa. Chipewa cha khanda musaikepo mphonje kapena batani, makanda amakoka ndi kuika mkamwa.

Chapani m'madzi ozizira, osapotokola, yanikani chogona pamthunzi. Mukachipachika pachingwe ndi pegi kunsonga chimatalika. Simbi musayandikize, kaya ya magetsi kaya ya makala, acrylic amasungunuka.